Chigubu Chomwe Chinkalemera Usiku

Mafuta akamabedwa amachepa, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Koma mafuta ophikira a pa khitchini ya ana onyentchera, pa parishi ina ku Nambuma, ankachita kulemera.

Mayi Rhoda, ophika phala pamenepo, anali atatopa kale ndi lamulo la komiti loti chigubu cha mafuta osungira mwezi wamawa chizikolekedwa pa sikelo m'mawa uliwonse. Msana unkawawa, koma nanga akanatani? Lita ya mafuta sikwana kilogalamu, choncho chigubu cha malita 20 chinkaonetsa makilogalamu 18.4. Tsiku lina chinaonetsa 18.5. Iwo anangoti sikelo yakalamba. Patapita masiku atatu, 18.7. Anaunika m'kati, mafuta ali pakhosi pomwe paja, osatsika, osakwera.

Amuna awo, a Obadiya, ndiwo anali mlonda wa pamalopo. Anauza anthu monong'ona kuti pakati pa usiku, agalu akangoti zii, m'sitolo yosungiramo zakudya mumamveka khuthu, khuthu, ngati munthu akumeza, chitseko chili chokhoma. Basitu, nkhani inayaka. Ena amati ndi mizimu ya ana omwalira chaka cha njala. Ena, pakamwa posapsa, amati Mayi Rhoda akuweta kanthu m'chigubumo kuti akhwimire ntchito. Azimayi anayamba kubisa ana awo, phala n'kumazizira mumphika.

Lachitatu, Mayi Febe, wapampando wa komiti, anaitanira Mayi Rhoda kuseri. "Likafika Lachisanu chikulemerabe, mutisiyire makiyi. Ana sangafe ndi njala chifukwa cha dzina lanu."

Zinawapweteka kwambiri. Zaka zisanu ndi zinayi akupuma utsi, lero akhale mfiti?

Lachisanu analawira kusanache. Kunali chisanu cha mu Juni, mdima wa ndiweyani, malata akuthetheka okha, mphepo ikulira m'mabulugamu a kumanda a parishi. M'sitolo munali fungo la mafuta ndi la dothi lonyowa. Anakoleka chigubu n'kuunika ndi foni: 18.9. Mantha anawathera pomwepo, kunangotsala kutopa. Ngati muli chinthu, chiwalume basi. Anatenga bango, n'kulilowetsa mpaka pansi penipeni, n'kutseka kumwamba ndi chala, n'kulitulutsira m'mbale yoyera.

Munatuluka madzi.

Anakhala pa thumba la soya, mutu ukugwira ntchito pang'onopang'ono. Madzi amalemera kuposa mafuta, ndipo amakabisala pansi. Wina ankapungula mafuta usiku n'kumadzazitsa ndi madzi kuti diso lisaone, osadziwa kuti sikelo ikumuwerenga. Anayang'ananso m'mbalemo. Madzi a pa mjigo wa parishi ndi oyera mbee. Awa anali ofiirira, a katondo, a pa chitsime cha kuseri kwa nyumba yawo, chomwe palibe wina amatungapo.

Chitseko chinalira. A Obadiya anaima pakhomo atafunda bulangete, chibonga kukhwapa, maso ali pa mbale.

"Mwachiona chinthucho, amake Mwayi?" ananong'ona.

"Ndachiona, abambo. Ndakhala nacho nyumba imodzi zaka makumi awiri."

Kunja kunali kukuyera, ndipo Mayi Febe anali akuodira kale pa mpanda.