Dona Samasulidwa

"Mbuziyi musaimasule, chonde," Manesi ananena kachitatu, akubereka mwana kuti apite naye kusikelo ku Kasakula. "Masamba ndaiikira kale. Madzi ali m'ndowamo."

Mwamuna wake, a Felton, ankasoka thumba pakhonde, osadzutsa mutu. Apongozi ake, a Margareta, anaseka.

"Tamva, make Hana. Dona samasulidwa. Dona amadyera m'nyumba yam'mwamba ngati mkazi wa bwana."

Dona inali mbuzi yoyera, yamkaka. Manesi anailandira ku bungwe lina chaka cha mavoti chija, pamodzi ndi lamulo lake: igone m'khola lokwera, idyere momwemo. Chaka chotsatira mvula inadula, chimanga chinauma chisanabereke, mawere a Manesi nawonso anauma. Hana, wa miyezi isanu ndi iwiri, ankakhalira makapu awiri amene amayi ake ankakama m'mawa ndi madzulo.

Kusikelo anamuuza kuti mwana wakwera pang'ono. Njira yonse pobwera ankangotulutsa khadi, kuliyang'ana, kulibwezera.

Anapeza khola lili pululu.

"Imalira," a Margareta anatero. "Chilimwe chino mbuzi ya ndani imatsekeredwa? Zinzake zonse zikuyenda. Ine ndinangomva chisoni."

Anaipeza kuseri kwa chulu, m'munda wa chinangwa chowawa, pakati pa masamba ofota ndi dzuwa. Mbuzi zam'mudzi zinkangodutsa osawalabadira. Dona inali itagona chammbali, mimba itatupa, thovu kukamwa. Manesi anagwada n'kugwira bere. Linali lisanazizire. Anakamira pansi kawiri, osadziwa chifukwa chake, kenako anapukuta dzanja pachitenje.

Sanalire. Anakhala pamwala kuonerera a Felton akusenda chikopa, ntchentche zikuwunjikana.

"Tipeza ina," a Felton anatero.

"Kuti?"

A Felton anapitiriza kusenda.

"Adya phala," a Margareta ananena chapansipansi, maso ali kumbali. "Tonsefe tinakulira phala."

Dzuwa likupendeka, Hana anayamba kulira. Phala analavula. Manesi anamuika kubere. Mwana anakoka, kusiya, kukokanso, kenako anangomuyang'ana kumaso.

Manesi anaanula matewera pachingwe n'kuyamba kupinda. Mkulu wake Faines, amene anakwatiwa kufupi ndi boma la Dowa, nayenso anali ndi mbuzi yotereyi, ndipo inali itangoswa. Unali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, kudutsa m'mapiri.

"Ndinyamuka tambala woyamba, dzuwa lingamuwotche mwanayu," anauza mwamuna wake.

"Kwa alamu? Nanga anthu ati chiyani, kuti takuthamangitsani?"

"Anene."

"Mubwera liti?"

Manesi anamanga kampukutu, n'kuika khadi lakusikelo pamwamba.

"Hana akadzayamba kudya."

A Felton anayang'ana manja awo. Magazi anali atauma kale m'zikhadabo.