Kadontho Kamene Kanaoneka Kawiri

M'nyumba ya mkulu wina wojambula zithunzi bodza silinkagona. Mkuluyo analera mwana wake wamkazi pakati pa makamera ndi mapemphero, mpaka mwanayo anakhala wofufuza za khansa mu labotale yaikulu.

Ntchito yake inali kuthira mankhwala atsopano pa maselo a khansa ndi kuwajambula. Poyesa koyamba maselo anafota. Kachiwiri ndi kachitatu anangonenepa ngati akudyetsedwa. Kuyambiranso kunafuna miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mtsikanayo anagwa ulesi.

Mnzake wa pantchito, amene ankamutcha Chidule, anamuseka. "Iwe, maselo ali ndi nkhope? Tenga chithunzi choyamba chija, uchitembenuze, uchidetseko pang'ono. Ndani ali ndi nthawi yowerenga madontho?"

Anaterodi. Lipoti linasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, iye n'kupita nalo kwawo. Mayi ake, amene chotupa cha m'bere chinali chitawafoola, analikumbatira. Bambo anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mwanangu, kadontho ka fumbi aka kali apa, kalinso apa. Ndatsuka zithunzi zaka makumi atatu. Ichi n'chithunzi chimodzi."

"Ababa, izi si zithunzi za ukwati."

"Kaulule wekha asanakutulukire."

Sanaulule. Anabwereza chinyengocho m'malipoti ena awiri, pakuti dzanja likazolowera silifunsanso mtima.

Patapita zaka ziwiri, ofufuza ena amene anataya nthawi yawo potsata njira yake analephera kupeza zomwe iye analemba. Anaunika zithunzi, napeza kadontho komwe kaja. Magazini inachotsa malipoti onse atatu, ngakhale zoona zochepa zimene zinalimo zinatayidwa pamodzi. Chidule atafunsidwa anati, "Ine ndinkangocheza."

Atachotsedwa ntchito, mtsikanayo anabwerera kwawo masana, atanyamula katoni ya mabuku. Mayi, amene sanauzidwe, anamuitana ali pabedi.

"Wabwera, dokotala wanga? Nanga mankhwala ako aja adzafika liti kuchipatala kuno? Ndikulimbikiratu, ndikuwadikira."

Mtsikanayo anagwada pambali pa bedi.

Inu ana a sukulu, ife tinachenjeza mpaka kukhosi kuuma, enanu n'kumatiyesa okalamba olongolola. Imvani tsono: wonama pa kafukufuku sanamiza pepala. Amanamiza wodwala amene akudikira, ndipo wodwalayo angakhale mayi ake omwe.