Mzinda wa Tusajigwe

Ndimakonza makompyuta pamsika wa Mwanjelwa, mu Mbeya muno, ndipo anthu obweretsa zinthu zakalekale ndilibe nawo mtima wautali. Tsiku limenelo ndinkalowetsa katundu kuti ndiweruke pamene a Mwakipesile anatsika pa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, akufufuza khomo ndi ndodo. Anali aphunzitsi anga a masamu. Shuga anali atawadya maso.

Anaika patebulo laputopu yatsopano, chimbale chokalikakalika ndi kafulashi komangirira ulusi.

"Lusekelo, adokotala akuti Khirisimasi idzandipeza mumdima," anatero. "Tusajigwe anamanga mzinda m'gemu ya pachimbale iyi, fayilo yake ili pakafulashi. Ndiuone kamodzi basi, maso asanatheretu."

Tusajigwe anali mwana wawo yekhayo, wamkazi. Anamwalira mu 2006 ali Fomu 4, atadwala masiku awiri okha.

"Aphunzitsi, gemu iyi ndi nkhalamba kuposa inu. Makina a masiku ano saidziwa."

"Nawenso masamu sunkawadziwa, koma sindinakutaye."

Ndinawauza kuti abwere m'mawa.

Ndinadzitsekera mushopu n'kuyamba ntchito. Ndinauza laputopu kuti idziyese makina akale. Galasi linangoda bii. Ndinachepetsa mitundu, linaphethira kawiri n'kuzima. Ndinasakasaka timafayilo tomwe inkati tikusowa, ndikaipatsa kamodzi ifuna kena. Mvula inagwa mpaka kukata. Chipsi mayai changa, chipisi chokazingira mazira chija, chinazizira m'mbale, ine ndikutukwana makina.

Panatsala njira imodzi. Magemu ena akale amanyanyala akaona chaka chomwe sakuchidziwa. Umadula intaneti, n'kubweza wotchi ya makina m'mbuyo. Deti sitivutika kuliganiza, timangotengera pa fayilo, tsiku lomwe mwiniwake anasunga komaliza. Ndinalemba 9 Juni 2006, 11:40 usiku. Lamulo loyamba la ntchito yathu ndi kukopera kaye fayilo kwina usanaikhudze. Ine, kutopa ndi matama, sindinakopere.

Gemu inatseguka.

Mzinda unali wokongola, ndisaname. Misewu yowongoka, sukulu, mlatho, tianthu tikuyenda piringupiringu. Pakati panali nyumba ya denga lofiira yolembedwa kuti Kwa Baba. Ndinaseka ndekha, ndikuganiza nkhope ya aphunzitsi.

Kenaka kamuvi ka mausi kanasuntha. Manja anga onse anali pambale.

Kanayenda pang'onopang'ono, kutsata msewu, mpaka panyumba ija. Pazenera limodzi panayaka nyale.

Ndi pamene ndinazindikira kuti kunja kuli zii. Mwanjelwa sakhala chete. Malole opita ku Tunduma amabangula usiku wonse, alonda amatsegula wailesi. Koma panalibe ngakhale galu. Foni yanga inalibe netiweki.

Gogogo, pachitseko chachitsulo.

"Odi, achimwene." Anali mawu a mtsikana, otsekeka ngati a chimfine. "Musazimitse. Sindinasunge."

Pansi pa chitseko changa pali mpata wolowa zala zinayi. Ndinaona nsapato zakuda zakusukulu ndi masokosi oyera. Panja ponse panali matope, koma nsapatozo zinali zouma.

"Ndani?"

"Baba abwera nthawi yanji? Ndawadikira."

Ndinachita mantha oti sindinawamvepo chibadwire. Sindinaganize za aphunzitsi, sindinaganize za fayilo. Ndinakanikiza batani lozimitsira mpaka makina anafa. Kuseri kwa chitseko munthu anausa moyo. Nsapato zija sindinazione zikuchoka. Ndinangomva lole ikudutsa, pampata paja palibe kanthu.

Kutacha ndinayatsa. Fayilo inatsala dzina lokha, mkati mulibe chilichonse. Ndinali nditaizimitsa ili pakati posunga. Ndinayesa mapulogalamu onse obwezera zotayika, ndinaimbira anzanga a ku Dar, onse yankho limodzi: yapita imeneyo.

A Mwakipesile anafika cha m'ma eyiti. Ndinali nditakonza bodza, loti ndiwaonetse chithunzi cha mzinda wina uliwonse, poti maso awo sakanasiyanitsa. Ndisanatsegule pakamwa anakweza dzanja.

"Usavutike, mwanangu. Anabwera kunyumba usiku. Zaka zonsezi sanabwerepo. Amagogoda pazenera, akuti, 'Baba, andigwetsera nyumba, ndigona kuti?'"

"Munatsegula?"

"Ndinatsegula. Ndimamumva akupuma patsogolo panga pomwe. Koma maso awa…" Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndamuuza kuti abwerere kwa iwe, umumangire ina."

Aphunzitsi anachita khungu mu Novembala, mzindawo osauona. Alonda apamsika amanong'onezana kuti chitseko cha Lusekelo chimagogodedwa usiku uliwonse, ndipo sanama. Ndimabweza wotchi, ndimamanga misewu, sukulu, mlatho, denga lofiira. Pofika lero ndamanga mizinda isanu ndi iwiri. Kamuvi kamazungulira uliwonse mpaka kumapeto, kenaka mawu aja amabwera pampata wa chitseko.

"Si kwathu kuno, achimwene."