Waya Wobiriwira

Gitalayo inkalira ngakhale popanda woikhudza. Liwiro akangoyatsa ampu, bokosi lokuzira mawu a gitalayo, masipika onse a mu holo ya sukulu ankayamba kung'ung'udza ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, osalekeza. Anachepetsa voliyumu, anasintha chingwe, mpaka ampuyo anaiwomba khofi, koma phokosolo silinasunthe.

Aphunzitsi a nyimbo sanali munthu wobwereza mawu. Anamuuza kuti makolo sangabwere pa tsiku lotsekera sukulu kudzamvera njuchi, ndipo ngati gitalayo sisiya mwano wakewo pofika Lachisanu, nyimbo imene ankakonzekera idzayimbidwa ndi kiyibodi.

Liwiro sakanatha kuvomera zimenezo. Gitala ndi ampuyo zinali za malemu bambo ake. Chimwalirireni bambowo, zinthuzi zinkangokhala pakona m'chipinda zitafunditsidwa nsalu, ndipo amayi sankalola munthu kuzikhudza. Achemwali ake a Liwiro, amene ankamaliza sukulu chaka chimenecho, ndiwo anawanyengerera mpaka analola. Amayiwo analonjezanso kuti adzabwera kudzamvera nyimbo imene bambo ankakonda kuyimba akaweruka kuntchito, achemwali akuyimba, Liwiro akuliza gitala. Aka kakanakhala koyamba kuti amayi aimvenso.

Dzina loti Liwiro anamupatsa ndi bambo omwewo, chifukwa mwanayu tiyi ankamumwa asanazizire ndipo malaya ankamanga mabatani ali kale pamsewu. Pomuphunzitsa gitala ankamuuza kuti chida chikamalira sachikalipira ayi, koma umazula chingwe chimodzi, n'kumvetsera, n'kubwezera, kenako n'kuzula china. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Koma zingwe za pasiteji paja zinali zitapiringizana ngati matumbo a nkhuku, ndipo kungoziyang'ana kokha Liwiro ankatopa.

Anakumbukira njira yachidule imene mnyamata wina woyimba m'bandi anamuuzapo: ukatsegula pulagi ya ampu n'kumasula waya wobiriwira, phokoso limatha pompo. Anakumbukiranso zimene bambo ananena tsiku lina akukonza pulagi ya ayironi, kuti waya ameneyo ndi khomo limene magetsi osochera amathawira pansi, ndipo ukalitseka amafuna khomo lina. Mawu onse awiri anawamva bwinobwino m'mutu mwake, ndipo anasankha ofulumirawo.

Pa nthawi yopuma, mu holo mulibe munthu, anatsegula pulagiyo, n'kumasula wayayo, n'kumupindira pambali, n'kutsekanso. Kunja sikunkaoneka kanthu. Atayatsa ampu, mu holo munangoti zii. Anakhudza nsambo imodzi ndipo inalira moyera mpaka kumipando yakumbuyo. Anadumpha ndi chimwemwe, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawa lake poyeserera, aphunzitsi anagwedeza mutu mokhutira n'kumufunsa chimene anachita. Iye anayankha kuti anangolimbitsa mawaya. Achemwali anamuseka kuti nyumba yawo yapeza injiniya wosadziwa kuchapa masokosi ake, ndipo onse anaseka. Atayamba kuyimba, achemwali anamuimitsa pakati.

“Ukuthamanga, Liwiro. Bambo pamenepa ankachedwa, ngati akudikira munthu. Bweretsa ndikusonyeze.”

Achemwaliwo anatenga gitalayo n'kuikoleka paphewa. Dzanja lamanzere linagwira nsambo, ndipo anawerama kuti ayimbe, mlomo n'kukhudza maikolofoni. Kunamveka kuti thaa! Thupi lawo linauma, kenako anagwa chagada, gitala ili pachifuwa. Aphunzitsi anathamangira kukhoma n'kuzimitsa magetsi onse. Liwiro, amene moyo wake wonse ankathamanga, anangoima pomwepo.

Kuchipatala adokotala ananena kuti mtsikanayo anali ndi mwayi. Mlomo unapsa, ndipo lilime limene anadziluma pogwa analisoka. Anati achira ndithu, koma za kuyimba aiwale kaye. Amayi anakhala pamphepete pa bedi atagwira dzanja la mwana wawo. Aphunzitsi anafotokoza modandaula kuti ampu zakale zimadontha magetsi, ndipo mwina iyi inali itatha ntchito.

“Ndinkadziwa ine,” anatero amayi motsitsa mawu. “Zinthu zimenezi zinayenera kupita ndi mwiniwake. Mawa zikatayidwe.”

Apa m'pamene Liwiro anamva kuwawa kuposa kale. Mlandu wake unali kugwera bambo ake, munthu amene sakanatha kudziyankhira. Akanangokhala chete, palibe akanatsegula pulagi ija. Koma anayankhula.

“Amayi, musatayitse za bambo. Ndine ndinamasula waya wobiriwira. Bambo anandiuza kuti asamakhudzidwe, koma ndinamasulabe.”

Amayi anamuyang'ana m'maso, ndipo iye akanakonda akanamukalipira. Aphunzitsi anagwira chipumi. Koma achemwali, amene sankatha kuyankhula, anamukodola ndi chala. Atayandikira, anagwira mkono wake n'kuyamba kuukanda pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, ngati akuliza nsambo za gitala. Liwiro anamva zimene ankatanthauza, kuti nyimboyo ailizebe koma mosathamanga, ndipo misozi inayamba kutsika. Amayi nawonso anaona, ndipo za kutaya sanazitchulenso.

Ampu inapita kwa wokonza mawailesi, amene anasintha kachida kamene kankadontha magetsi n'kumangiriranso waya uja pamalo pake. Itabwerera mu holo, njuchi zija zinabweranso. Ulendo uno Liwiro anagwada pasiteji, aphunzitsi ataima pambali pake, n'kuyamba kuzula chingwe chimodzi chimodzi. Anazula cha gitala, phokoso lilipo. Anazula cha kiyibodi, lilipobe. Atazula chochokera ku ampu kupita ku mikisa, kabokosi kamene kamasonkhanitsa mawu onse n'kuwatumiza kumasipika, phokoso linatha.

Anatsatira zingwe ndi maso. Ampu inali pa soketi ya pasiteji, pamene mikisa inali pa soketi ina kutali, pafupi ndi chitseko. Chida chilichonse chinali ndi njira yakeyake yopita pansi, ndipo chingwe chapakati chinkalumikiza njira ziwirizo, magetsi pang'ono n'kumazungulira mmenemo. Anasamutsa pulagi ya mikisa n'kuiika pa ekisitenshoni imodzi ndi ampu, n'kubwezera chingwe chija. Munangoti zii, waya wobiriwira ali m'malo mwake. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoposa yodikira tiyi kuti azizire, ndipo zimenezi n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Lachisanu holo inadzaza. Aphunzitsi anafuna kupeza mtsikana wina woti ayimbe, koma Liwiro anapempha kuti asatero, popeza nyimboyo inali ya panyumba. Amayi anakhala pamzere wachiwiri, achemwali pambali pawo atamatidwa pulasitala pamlomo. Maikolofoni inaima pakati pa siteji popanda munthu kumbuyo kwake.

Liwiro anayamba kuliza. Gitala inamveka bwino kwambiri, popanda kachizindikiro ka phokoso, monga mmene ankafunira sabata yonse. Amayi anatseka maso. Atafika pamalo paja pamene bambo ankachedwa ngati akudikira munthu, Liwiro anachedwa. Apa m'pamene mawu a achemwali anayenera kulowa. Anadikira, holo yonse inadikira naye limodzi, ndipo m'masipika simunamveke kanthu.