Dzanja Lomasula Mfundo

Lolemba m'mawa Delfina Arrieta anapeza mfundo zitatu zitamasuka. Kwa zaka zinayi, m'chipinda chapansi chopanda zenera pa yunivesite ku Bahía Blanca, ankaluka mphira pa kompyuta: tiulusi tophuka nthambi, tomangana ngati ukonde, kuti adziwe pomwe kung'ambika kumayambira. Anazimanganso. Lachiwiri zinamasuka makumi anayi.

"Iwe, makina sadzuka okha," ananong'ona Fermín, wosamalira makompyutawo. "Alipo akulowa usiku, ndipo akulowa ndi dzina la a Quiroga. Ndimutsekere?"

"Dikira kaye ndimuone."

A Quiroga, aphunzitsi a Delfina, ndiwo analemba pulogalamu yolukira mphirayo, ndipo panalibe wina woimvetsa yonse. Koma anali atatha chaka akudwala, osatuluka m'nyumba. M'makonde anthu anayamba kunong'onezana kuti mwina anatisiya kale, banja likungobisa.

Lachinayi Delfina sanaweruke. Anazimitsa magetsi n'kukhala chete. Mphepo inkalira m'mapaipi, makina akung'ung'udza mumdima ngati munthu wobuula kutali. Kenaka pa sikirini kamuvi kanasuntha kokha, pang'onopang'ono, monjenjemera. Kanaima pa mfundo, ulusi n'kuduka. Kanakwawira pa ina. Delfina anatsegula ntchito yakale yomwe anasunga padera. Nayonso inali itadulidwadulidwa kalekale, iye osadziwa.

Kutacha anakagogoda kwa a Quiroga. Akazi awo, mayi Nélida, anatsegula chitseko maso ali psuu.

"Sagona, mwanangu. Dzina langa analiiwala, koma mawu achinsinsi olowera pa kompyuta, ayi ndithu."

Delfina anapeza a Quiroga ali pa tebulo atavala zogonera, ataonda momvetsa chisoni, chala chili pa batani.

"Aphunzitsi, ndine Delfina."

Anamuyang'ana mwaulemu monga mlendo. "Pepani mayi, musandisokoneze. Ndili ndi wophunzira wanga, mtsikana wanzeru zedi. Ulusi wake wapiringizika wonse, ndiye ndikumumasulira. Akapanda kumaliza chaka chino amuchotsa sukulu."

Delfina anangokhala pansi pafupi ndi mpando wawo. Mkuluyo anatembenukira ku sikirini, nadula ina.

"Mukamuona," anatero akumwetulira, "mumuuze asadandaule. Ndatsala pang'ono kumaliza."