Akavalo Anawolokera Pati?

Enifa anachoka ku Kings Heath basi itamusiya. Shifiti yake ya usiku yosamalira nkhalamba ina, bambo David, inali itayamba kale, ndipo manijala anali atamuchenjeza kuti akadzachedwanso, ntchito ndi viza yomwe aiwale. Anauyamba ulendo wapansi, mvula ikumukwapula.

Pamtsinje wa Cole pali malo pomwe msewu umalowa m'madzi. Kamlatho ka oyenda pansi kanali katamira. Mlatho waukulu unali kutali, ulendo wa theka la ola.

M'mbali mwa madzimo munaima mzungu wa chipewa chachitsulo, mapu ali m'manja. Enifa anangoti ndi aja amavala zamakedzana Loweruka n'kumasewera nkhondo yapachiweniweni ya makolo awo. Azungu sasowa chochita.

"Asilikali a pa akavalo mazana awiri anawolokera pano," anatero mzunguyo. "Pamlatho adani akanawaona. Wolokani, madzi ndi a m'mawondo."

Enifa ndi mwana wa ku Chikwawa. Madzi ofiira onyamula nthambi amawadziwa, anamulanda mchimwene wake.

"Apa ngakhale bulu sangapondepo, bambo."

"Wolokani. David aone kuti sindinkanama."

David? Wawadziwa bwanji? Enifa anayang'ana mapu aja... anali ouma gwa! M'kamwa mwa munthuyo munkatuluka madzi. Kumbuyo kunamveka ziboda. Zambiri. Zikuyandikira...

Mkwiyo wa Enifa unaposa mantha.

"Ndati ayi. Viza ipite. Sindinakwere ndege kuti ndidzakuthetsereni mkangano ndi moyo wanga."

Anatembenuka n'kudutsa pakati pa phokoso lija, osacheuka.

Anafika atanyowa chapachapa, foni ikulira, manijala akumufuna. Anaizimitsa. Bambo David anali maso pa mpando wawo, mapu akale ali pamiyendo. Pakhoma panali chithunzi chomwe Enifa ankachipukuta fumbi osachiyang'ana. Mzungu uja, chipewa chomwe chija!

"Mng'ono wanga Osborne," anatero mkuluyo. "Tinakangana zaka makumi awiri za pomwe akavalo anawolokera. Mu 1998 mtsinje utadzaza anakwera kavalo kuti andionetse. Kavaloyo anabwera yekha."

Anayang'ana nkhope ya Enifa, kenaka nsapato zake.

"Mwamuona. Ndiye mwawolokera pati?"

"Pamlatho."

Misozi inatsika, koma nkhalambayo inamenya mapu ndi chibakera.

"Ndinamuuza ine. Pamlatho."