Nyale Yoluma ya pa Esiteti

Chimene chinayamba kumudabwitsa Stelia chinali analimata akufa. M'mawa akamasesa, ankapeza wina ali gada pansi pa nyale ya pakhoma la m'chipinda chochezera, timiyendo titauma gwa, popanda bala lililonse.

Nyumbayo inali yakalekale, yomangidwa ndi mzungu amene anayambitsa esiteti ya fodya ija ku Kapondo. Mwamuna wa Stelia, Cyprian, anapatsidwa nyumbayo atangokwezedwa kukhala kapitawo. Nyale zake zonse zinali zachitsulo, zolemera, zadzimbiri m'mphepete, ndipo mvula itayamba khoma linkachita thukuta mozungulira iliyonse.

Kukangoyamba kuda, nyale ya pakhoma ija inkalira chapansipansi ngati njuchi zotsekeredwa m'botolo. Babu linkafiira, kuzilala, kenaka n'kuwalanso. Ndiye m'mwamba, kuseri kwa siling'i, munkamveka chinthu chikudzikoka pang'onopang'ono, matabwa akulira kwee, kwee.

"Ndi makoswe amenewo," anatero Cyprian.

"Bambo a Consolata," Stelia ananong'ona, maso ali m'mwamba, "makoswe ake ati amene amasiya kuyenda inu mukayankhula?"

Onse anatchera khutu. M'mwambamo munali zii.

Kuchitsime, akazi a matenanti ankatsitsa mawu Stelia akafika. Wina anamuuza kuti kapitawo wakale anasamuka m'nyumbamo osatsanzika. Wina anati khukhi wa mzungu anafera pakhoma lomwelo, dzanja lili m'mwamba. Ena ankati pali munthu amene ankaufuna ukapitawowo, ndipo sanagone tulo.

Tsiku lina Stelia atakolopa, anaona dzimbiri likutsetsereka pakhoma kuchokera panyale paja. Ali chosavala nsapato pasimenti ponyowa, mwana wake Consolata ali kumbuyo, anatambasula dzanja ndi kansanza. Chinthu chinamuluma, n'kumugwira mkono wonse mpaka m'mano, kenaka chinamukankha. Anagwa chammbali, mwana akulira mosweka mtima. Mpaka madzulo zala zake zinali zitachita dzanzi.

"Muno sindigonamonso," anauza mwamuna wake. "Chikanapha mwanayu. Ndiperekezeni ndizipita kwathu ku Phalombe."

M'mawa mwake Cyprian anapalasa njinga kupita ku boma, n'kubwera ndi Timoteyo, bambo wachikulire wokonza magetsi. Iye anayamba wathimitsa switchi yaikulu, kenaka anamasula nyale ija n'kuwaonetsa waya wothetheka, mphira wake utanyenyeka, mkuwa ukukhudza chitsulo.

"Chakulumani ndi ichi, mayi. Nyale yachitsulo imafunika waya wachitatu, womangidwa pachitsulopo, wotsikira m'nthaka. Moto ukathawa umatsata iyeyo, fyuzi n'kupsa, magetsi n'kuzima, munthu osavulala. Koma wanuyu taonani." Anakoka waya wachitatuyo, ndipo unangosololoka wonse m'dzanja lake, waufupi ngati mkono. "Wadulidwa. Ndipo podulapo pakuwala, si pakale ayi."

Anatsamiritsa makwerero pachibowo cholowera m'siling'i, analuma tochi, n'kukwera. Cyprian ndi Stelia anamumva akukwawa, kenaka phokosolo linasiya. Panapita nthawi. Kunja mvula inayamba kuwaza pamalata.

"Bambo Timoteyo?" Cyprian anaitana.

Mkuluyo anatsika chobwerera m'mbuyo, mwakachetechete, nkhope itatuwa. Anagwira Cyprian pamkono.

"Tulutsani mayiwa ndi mwana," ananong'ona. "Musathamange."

Ali pabwalo m'pamene anafotokoza. Mawaya onse otsikira m'nthaka anali atasendedwa, mkuwa wake utakulungidwa m'thumba, monga amachitira okagulitsa kutsidya kwa malire. Pambali pa thumbalo panali mphasa, kapu, zitsononkho za chimanga ndi bulangete.

"Bulangetelo ndaligwira," anatero Timoteyo. "Ndi lofunda."

Stelia anakhala pansi m'matope momwemo. Anakumbukira masiku onse amene ankatsala yekha, akusambitsa mwana, akuimba, akuvula, pansi pa matabwa amenewo.

Matenanti anabwera ndi zikwanje ndi mipini. Anazungulira nyumba, ena anakwera, anaunika ngodya zonse. Anapeza njerwa zitachotsedwa kumapeto kwa denga, mpata woti munthu wowonda n'kudutsa, koma pansi pake, m'dothi lonyowalo, munalibe phazi ngakhale limodzi. Anatseka mpatawo ndi njerwa ndi simenti, n'kutentha mphasa ndi bulangete. Timoteyo anaika mawaya atsopano, anamanga nyale iliyonse ku waya wake, anakhoma ndodo yamkuwa m'nthaka kuseri kwa nyumba, ndipo pomaliza anagwira nyale ija ndi dzanja lake ili chiyakire.

"Iyi ndiye sidzalumanso munthu," anatero. Koma anakana kudikira tiyi.

Madzulo amenewo nyale inawala bwinobwino, osalira. Cyprian anakhomera chitseko cha chibowo cha m'siling'i chija ndi misomali, ndipo banjalo linakhala pansi kuti lipemphere. Stelia atangoti "Atate wathu", pamwamba pa mitu yawo penipeni munthu anatsokomola, chotsekereza pakamwa ndi dzanja.